Disiki Isanafomatidwe: Kusankha Kaundula wa Mafayilo Kumalo Ngati Ruarwe

Aliyense amene anaikapo Windows kapena Linux m'kompyuta amadziwa kuti mafunso oyambirira savuta. Chilankhulo chanji? Muli dziko liti? Mukayankha amenewa pamabwera tsamba loonetsa disiki ya m'kompyutayo itagawidwa zigawozigawo, ndipo pambali pa chigawo chilichonse pali dzina lachilendo: NTFS, FAT32, ext4, mwinanso Btrfs kapena XFS. Ambiri akafika apa amangodina chimene apeza chitasankhidwa kale. Kawirikawiri zimawayendera bwino, chifukwa amene anakonza mapulogalamuwa sanasankhe mwachisawawa. Komabe munthu amene ankamuganizira posankhapo ndi wa m'tauni, wa magetsi osathimathima, amene wokonza makompyuta ali naye pafupi.

Ruarwe sikuli choncho. Ndi mudzi wa asodzi kumpoto kwa boma la Nkhata Bay, kupitirira Usisya, wopanikizika pakati pa mapiri ndi nyanja. Njira yodalirika yofikira kumeneko ndi ya pamadzi: Ilala, sitima imene yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951, kapena maboti a injini ochokera ku Nkhata Bay ndi ku Usisya. Wosafuna madzi ayende wapansi m'tinjira ta m'mapiri. Kuli sukulu, chipatala chaching'ono, ndi malo ophunzirirako a m'mudzi otchedwa Nyumba ya Masambiro, omwe ali ndi laibulale. Magetsi amene anthu amadalira ndi a sola. Laputopu ya mphunzitsi kapena ya wachipatala ikafa kumalo otere, kuti ikafike kwa wokonza ku Mzuzu pamafunika kudikira boti, ndipo nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyanja ikhoza kukana kwa masiku. Choncho funso la pa tsamba lija lili ndi mafunso awiri m'kati mwake. Magetsi akathima mwadzidzidzi disikiyi ipirira? Nanga kompyuta ikafa, ndani wapafupi amene angawerenge zimene zili m'disikimo?

Tiyambe ndi chinthu chenichenicho. Disiki, kaya ndi yakale ija yozungulira m'kati kapena SSD yamakono, siidziwa kuti fayilo n'chiyani. Imangokhala ndi timalo tating'onoting'ono mamiliyoni ambiri, kalikonse ndi nambala yake. Chithunzi chimodzi cha pa ukwati chikhoza kugona m'timalo mazana, mwinanso tosayandikana. Pamafunika tsono dongosolo lolemba kuti fayilo yakuti dzina lake ndi ili, yayambira pa malo akuti, yapitirira pa malo akuti, mwini wake ndi uyu, ndipo malo opanda kanthu atsala awa. Dongosolo limeneli akatswiri amalitcha file system. M'nkhani ino tizilitcha kaundula. Lingalirani boti lodzaza matumba a usipa ofanana maonekedwe, a anthu makumi awiri, ndi kondakitala amene ali ndi kope lolembamo kuti thumba lakuti ndi la mayi akuti ndipo litsikira pa doko lakuti. Kopelo likagwera m'madzi usipa wonse ulipo, palibe thumba lasowa, koma palibe angaloze lake. Kufomata disiki ndi kutaya kope lakale n'kuyamba latsopano lopanda kanthu, ndipo mayina aja a NTFS ndi ext4 ndi njira zosiyanasiyana zolembera kopelo.

Wakale mwa onse amene tikuwagwiritsabe ntchito ndi FAT. Anayambira ku Microsoft mu 1977, nthawi imene madisiki anali ang'onoang'ono kwambiri, ndipo mtundu wake wa FAT32 unatuluka mu 1996. Mphamvu yake ndi kuphweka. Pafupifupi chida chilichonse chimamuwerenga: Windows, Linux, makompyuta a Apple, foni, wailesi ya m'minibasi, sipika yolumikiza fulashi imene imalira pa golosale, TV ya m'nyumba yoonetsera mafilimu. Mnyamata wothira nyimbo m'mamemori pamsika sayenera kudziwa dzina lakuti FAT32, koma malonda ake onse aima pa kaundula ameneyu.

Zofooka zake ndi ziwiri, ndipo zonse zimaluma kwambiri kunyanja. Choyamba, fayilo imodzi siingapitirire 4 GB. Fulashi ikhoza kukhala ndi malo opanda kanthu okwana 20 GB, koma mukati muikemo vidiyo ya 5 GB kompyuta ikuuzani kuti fayiloyo yakula kwambiri. Anthu ambiri akaona uthengawu amaganiza kuti fulashi yawonongeka kapena yalowa vayirasi, pamene vuto ndi kalembedwe ka kaundula basi. Kumalo kumene netiweki ndi yofooka ndipo bandulo ndi yodula, mafayilo aakulu otere ndiwo ofunika. Pulogalamu ya Kiwix imalola munthu kuwerenga Wikipedia popanda intaneti, koma Wikipedia yonse ya Chingerezi yokhala ndi zithunzi ndi fayilo imodzi ya pafupifupi 100 GB. Mphunzitsi wa ku Ruarwe amene wapita ku Mzuzu kukaikopera ophunzira ake a fomu 4, atanyamula disiki ya FAT32, abwerako chimanjamanja.

Chofooka chachiwiri n'chachikulu. Posunga fayilo, FAT32 imalemba m'malo angapo motsatizana: zinthu zenizenizo, kenako mndandanda wa timalo timene zagona, kenako dzina la fayilo mu foda. Magetsi akathima pakati pa ntchitoyi, kaundula amatsala wolembedwa theka. Kompyuta ikayakanso siidziwa pamene panalekezedwa, ndiye imayenera kusanthula disiki yonse. Amene anaonapo foda yotchedwa FOUND.000, m'kati mwake muli mafayilo a mayina ngati FILE0000.CHK, anaona zotsatira zake. Zimenezo ndi zidutswa zimene pulogalamu yokonza ya chkdsk inatola koma yosadziwa kuti zinali za fayilo iti.

Kuthima kwa magetsi kwa mtunduwu sikuchitika kamodzikamodzi pamene anthu akudalira sola. Malaputopu ambiri amene amafika m'midzi ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo batire lake limakhala litatha mphamvu, moti amagwira ntchito pokhapokha chingwe chili ku inveta. Tsiku la mitambo batire lalikulu la sola silikhuta. Cha m'ma 7 koloko usiku, munthu ali pakati polemba mayeso a ana, wina akalumikiza mafoni atatu kuti atchaje, inveta imalira kawiri katatu n'kuzima, laputopu nayo thi! pomwepo. Ndimaona kuti aliyense wofuna kusankha kaundula ayambe waganizira mphindi imeneyi asanaganizire za liwiro kapena zina zonse zimene anthu amakangana pa intaneti.

Yankho limene akatswiri anapeza amalitcha journal. Kondakitala wathu uja, asanasinthe kanthu m'kope lalikulu, amayamba walemba pa tsamba lapadera kuti ndikufuna kusamutsa thumba lakuti kupita pakuti. Akamaliza kusamutsa amachonga. Ngati ntchito yadukira panjira, wobwera pambuyo amangoyang'ana tsamba lapaderalo, n'kumalizitsa kapena kubweza zimene zinayambidwa, osafunika kuwerenga matumba onse m'boti. NTFS, imene Microsoft inatulutsa mu 1993 pamodzi ndi Windows NT, ili ndi journal. Ku Linux ext3 inabwera ndi journal mu 2001, ndipo ext4, imene inakhazikika mu 2008, inapitiriza. Kompyuta yokhala ndi kaundula wotere ikazima mwadzidzidzi, poyakanso imadzikonza m'masekondi ochepa, mwini wake osazindikira n'komwe.

Pano tisanamizane. Journal imateteza kaundula kuti asasokonekere, osati ntchito yanu imene munali musanaisunge. Ngakhale fayilo imene mwangoisunga masekondi angapo apitawo ikhoza kutayika, chifukwa kompyuta imayamba yasunga zinthu m'chikumbukiro chake chofulumira chotchedwa RAM isanazitsitsire pa disiki. Chimene journal imakupatsani n'chakuti mutaya ndime yomaliza ya zimene mumalemba, osati foda yonse ya zaka zitatu.

Woika Windows alibe zambiri zosankha. Kuyambira pa Windows Vista, pulogalamuyi imakana kukhala pa chigawo chimene si NTFS, ndipo pamenepa Microsoft inachita bwino. Mudzaona komabe kachigawo kakang'ono, ka 100 MB kapena kupitirirapo pang'ono, kolembedwa kuti System kapena EFI, kamene kali pa FAT32. Kameneko musakakhudze pokhapokha ngati mukufufuta disiki yonse mwadala. Makompyuta amakono akayatsidwa amayang'ana kaye m'kachigawo kameneka kuti adziwe choyambitsa, ndipo kaundula amene onse anagwirizana kuti azimuwerenga panthawiyo ndi FAT. Linux nayo imakagwiritsa ntchito.

Pamene woika Windows angasankhe mwanzeru ndi pa kagawidwe. Okonza makompyuta m'matauni athu ali ndi chizolowezi chabwino chogawa disiki pawiri, C ya Windows ndi mapulogalamu, D ya mafayilo a mwini. Windows ikadzawonongeka amafomata C yokha, D n'kutsala bwinobwino. Msampha uli apa: pa tsamba loikira Windows zilembo za C ndi D sizioneka. Mumangoona Drive 0 Partition 2, Drive 0 Partition 3, ndi kukula kwa chilichonse. Ngati zigawo ziwirizo n'zofanana kukula, munthu wothamanga akhoza kufomata cholakwika. Musanayambe, Windows yakale ikadayaka, patsani chigawo cha D dzina loonekera, ngakhale lakuti ZANGA, ndipo lembani papepala kukula kwa chigawo chilichonse. Dzinalo lidzaoneka pa tsamba lija. Dziwaninso kuti D ili pa disiki imodzimodzi ndi C. Disikiyo ikafa, kapena laputopu ikanyowa m'boti, zonse zapita limodzi.

Nkhani imakula tikafika ku Linux, ndipo masiku ano ambiri afikako mosafuna. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, pamene Windows 11 imafuna kachida kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, zimene malaputopu ambiri akale alibe. Makina amenewa akadali amphamvu, ndipo Linux imawayendetsa bwino popanda kulipira laisensi. Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa mu 2004, pamodzi ndi Debian ndi Linux Mint, imaika ext4 mukapanda kusankha china. Fedora inasamukira ku Btrfs mu 2020, ndipo openSUSE inali itatero kale. Red Hat Enterprise Linux imaika XFS kuyambira 2014.

XFS tiidutse msanga. Inapangidwa ndi kampani ya Silicon Graphics m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha makina osunga mafayilo akuluakulu, ndipo kumeneko imachita bwino zedi. Koma chigawo cha XFS mukhoza kuchikulitsa, osati kuchichepetsa mwa njira wamba, ndipo pa laputopu ya disiki imodzi tsiku lofuna kuchepetsa chigawo kuti mupeze malo a china limafika ndithu.

Btrfs ndiyo imakopa mtima. Chris Mason anayamba kuilemba mu 2007 ali ku Oracle. Siilemba pamwamba pa zakale: imalemba zatsopano pamalo ena, ndipo ikatsimikiza kuti zalembeka ndi pamene imaloza kumeneko, choncho kuzima kwadzidzidzi kumaipeza ili ndi zakale zathunthu. Imaika chizindikiro cha masamu pa chidutswa chilichonse, moti disiki ikayamba kuwononga zinthu mwakachetechete imadziwa n'kukuchenjezani. Imatha kufinya mafayilo kuti atenge malo ochepa, chinthu chothandiza pa SSD ya 128 GB. Imathanso kujambula mmene kompyuta ilili lero kuti mawa zikasokonekera mubwerere pomwepo. Zonsezi n'zenizeni. Koma zojambulazo zikachuluka zimadya malo mosaonekera, disiki n'kudzaza mwini wake akuona ngati malo alipo, ndipo kuimasula kumafuna malamulo olemba pamanja amene munthu amakawafufuza pa intaneti. Pa disiki imodzi Btrfs ikhoza kukuuzani kuti fayilo yawonongeka koma ilibe pokatenga ina yabwino. Kwa wophunzira za makompyuta ku Mzuzu University, amene ali ndi netiweki ndi anzake ofunsana nawo, Btrfs ndi yoyenera kuiyesa. Kwa kompyuta imene ikagwire ntchito ku Ruarwe, m'manja mwa anthu angapo, ine ndingasankhe ext4 mosazengereza. Yakhala ikugwira ntchito zaka zambiri, imadzikonza yokha poyaka, ndipo fulashi iliyonse yoikira Linux imakhala ndi zida zoikonzera.

Komabe ext4 ili ndi ngozi yake, imene siichokera m'kati mwake koma kwa anthu oizungulira. Windows siiwerenga ext4 payokha. Tiyerekeze kuti laputopu ya Linux yafa bodi, disiki ili bwinobwino. Mwini wake waipereka kwa mbale amene akukwera boti kuti akaisiye kwa wokonza m'tauni. Wokonzayo, amene moyo wake wonse wagwira Windows yokha, achotsa disiki n'kuilumikiza ku kompyuta yake. Windows siionetsa mafayilo, ndipo nthawi zina imafunsa ngati mukufuna kufomata disikiyo kuti igwire ntchito. Iye poganiza kuti disiki yawonongeka, adina kuvomera. Mwini wake ali kuseri kwa mapiri, foni siikugwira, palibe womufunsa. Zinthu zimene zinapulumuka imfa ya laputopu zafera pa tebulo la wokonza.

Kupewa zimenezi sikufuna ndalama. Matani kapepala pansi pa laputopu, ngakhalenso pa disiki penipenipo ngati mungathe kutsegula, kolembedwa kuti muli Linux, ext4, musafomate. Fulashi imene munaikira Linux musaifufute n'kuthiramo nyimbo. Isungeni mu envelopu pamodzi ndi mapepala ofunika, chifukwa fulashi imeneyo ikhoza kuyatsa kompyuta ina iliyonse popanda kuikamo kanthu, n'kuwerenga disiki ya ext4 ndi kukopera mafayilo kwina. Ikamapita laputopu kokakonzedwa, fulashiyo ipite nayo.

Ena amafuna Windows ndi Linux m'kompyuta imodzi. Pamenepo chigawo cha mafayilo ogawana chikhale NTFS, chifukwa Linux imawerenga ndi kulemba NTFS pamene Windows siibwezera ulemuwo. Chinthu chimodzi chokha muchite: zimitsani Fast Startup mu Windows. Kuyambira pa Windows 8, mukauza kompyuta kuti izime siizimiratu, imagona mwa theka kuti idzayake msanga, ndipo imasiya zigawo za NTFS zili ngati zikugwirabe ntchito. Linux ikazipeza choncho imakana kulembamo, ndipo imachita bwino kukana, chifukwa kulembamo kukhoza kusokoneza kaundula. Samalaninso ndi mawu a pa tsamba loikira Ubuntu kapena Mint onena za kufufuta disiki. Amatanthauza disiki yonse, D yanu ija pamodzi.

Pa fulashi ndi disiki zoyenda nazo, Microsoft inatulutsa exFAT mu 2006. Ilibe malire aja a 4 GB, ndipo mamemori khadi opitirira 32 GB amabwera ali kale pa exFAT. Windows ndi makompyuta a Apple amaiwerenga ndi kuilemba, Linux nayonso makamaka kuchokera mu 2019 pamene Microsoft inaulula poyera kapangidwe kake. Koma ilibe journal, ndipo masipika ndi mawailesi ambiri otchipa saidziwa. Fulashi ya nyimbo ikhale pa FAT32. Yonyamulira mavidiyo a maphunziro pakati pa makompyuta osiyanasiyana ikhale pa exFAT. Disiki yaikulu yosungira zinthu zosafunika kutayika, ngati pamalopo palibe kompyuta ya Apple yofuna kulembamo, ndingaiike pa NTFS chifukwa cha journal ija. Ndipo pa FAT32 ndi exFAT chizolowezi chongozula fulashi osayamba mwaiuza kompyuta n'chimodzimodzi ndi kuthima kwa inveta kuja, kungoti mwadzithimitsira nokha.

Foni nayo imafunsa funso lomweli, ngakhale ambiri salizindikira. Mukaika memori khadi yatsopano m'mafoni ena a Android, foni imafunsa ngati khadiyo ikhale yonyamulika kapena ikhale mbali ya malo a m'kati mwa foni. Mukasankha chachiwirichi, foni imaifomata pa kaundula wa Linux n'kuikiya ndi kiyi amene amakhala m'foni momwemo. Kwa msodzi amene foni yake imagona m'bwato usiku wonse, kusankhaku n'kwakukulu. Foni ikagwera m'madzi memori khadi nthawi zambiri imapulumuka, koma khadi yokiyidwa motere siitsegukanso m'foni ina iliyonse, ndipo zithunzi za ana ndi mavidiyo a pa chinkhoswe zimatsekeredwa momwemo. Khadi yosiyidwa yonyamulika, ya FAT32 kapena exFAT, mumangoipukuta n'kuiika m'foni ya mnansi.

Makompyuta nawo ali ndi loko wotere. Ku Windows amatchedwa BitLocker, ku Linux LUKS, ndipo Windows 11 yatsopano imatha kumuyatsa yokha mukalowa ndi akaunti ya Microsoft. Pa kompyuta yosunga mbiri za odwala kapena ndalama za gulu, loko ameneyu ndi woyenera, pakuti laputopu ikabedwa wakubayo sawerenga kanthu. Koma kiyi wopulumutsira wa BitLocker, wa manambala 48, amasungidwa pa intaneti mu akauntiyo, ndipo tsiku limene kompyuta idzamufune mwina ndi tsiku limene netiweki kulibe. Mulembeni papepala tsiku lomwelo loika Windows, anthu awiri odalirika adziwe pamene pepalalo lili. Popanda kiyiyu palibe katswiri wa ku Mzuzu, ku Lilongwe kapena kunja amene angatsegule disikiyo.

Nanga ngati cholakwika chachitika kale, mwafomata chigawo chimene simumafuna? Kufomata kwachangu, kumene mapulogalamu oikira amachita, kumangolemba kaundula watsopano. Pa disiki yakale yozungulira zinthu zenizenizo zimakhala zikadalipo mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Choncho zimitsani kompyutayo nthawi yomweyo. Musapitirize kuika Windows, musakoperemo kanthu, musaiyatse kuti mungoona. Mapulogalamu aulere a TestDisk ndi PhotoRec, olembedwa ndi Christophe Grenier wa ku France, amatha kubweza chigawo chofufutidwa kapena kutola mafayilo imodziimodzi, ngakhale PhotoRec imawabweza opanda mayina awo akale, ndipo zimene yatola ziyenera kupita pa disiki ina. Pa SSD mwayi ndi wochepa kwambiri, chifukwa kompyuta imaiuza SSD kuti timalo timeneto tatha ntchito ndipo iyo imatiyeretsa yokha posakhalitsa. Malaputopu ambiri amene akufika tsopano ali ndi SSD, ndiye amene akukonzekera kuika Windows kapena Linux pa makina otere akopere mafayilo ake pa disiki ina kaye, atsegule angapo pa kompyuta ina kuti aone ngati akutseguka, aichotse disikiyo pa laputopu, ndipo akatero ndi pamene alumikize fulashi yoikira.